Mmene mungatsegulire njira m'kati mwa zeolite kuti inyamule bwino katalisiti

Aliyense amene anagumulapo chulu pofuna dothi loumbira njerwa akudziwa kuti chiswe sichimanga nyumba yake ndi njira za mtundu umodzi. M'kati mwake mumakhala ngalande zikuluzikulu zopitamo mpweya, tinjira tapakati tolumikiza zipinda, ndiponso timabowo ting'onoting'ono tosawerengeka. Chinthu chabwino chonyamulira katalisiti chimayenera kumangidwa mwa nzeru yomweyo. M'nkhani ino ndifotokoza mmene munthu wokhala ndi labotale wamba angatengere ufa wogula wa zeolite, womwe ndi makristalo a silikoni, aluminiyamu ndi okosijeni odzaza timabowo tosaoneka ndi maso, n'kuutsegulira njira zokulirapo, kuikamo chitsulo chogwira ntchito, kenaka n'kutsimikiza ngati zimene wachitazo zathandizadi.

Katalisiti ndi chinthu chimene chimafulumizitsa kusintha kwa makemikolo, koma icho osatha nawo. Ambiri amamudziwa kudzera pa chibokosi cha kunsi kwa galimoto chimene chimalumikizidwa ku paipi ya utsi, chija akuba a ku Johannesburg ndi ku London amachikonda chifukwa cha platinamu, paladiyamu ndi rodiyamu zimene zili m'kati mwake. Zitsulo zodulazi zimakhala magalamu ochepa chabe, ndipo zikanaikidwa ngati chibuma chimodzi sizikanachita kanthu, chifukwa utsi ukanangokhudza pamwamba pokha. N'chifukwa chake zimamwazidwa ngati fumbi losaoneka ndi maso pa ufa wa alumina (aluminiyamu wophatikizana ndi okosijeni) wodzaza timabowo, ndipo ufawo umamatidwa m'makoma a chinthu chooneka ngati chisa cha njuchi chimene utsi umadutsamo mosavuta. Chimene chimanyamula chitsulocho ndicho tikuchitcha chonyamulira.

Bungwe la IUPAC, limene limakhazikitsa mayina ndi miyezo m'sayansi ya makemikolo, linagawa mabowo m'magulu atatu. Ochepera nanomita 2 m'mimba mwake amatchedwa micropore, oyambira nanomita 2 kulekeza 50 ndi mesopore, ndipo opitirira 50 ndi macropore. Pano tiziwatchula kuti timabowo tating'ono, mabowo apakati ndi mabowo aakulu. Kuti muone kuchepa kwake, kumbukirani kuti tsitsi limodzi la munthu limanenepa nanomita pakati pa 50,000 ndi 100,000. Timabowo tating'ono ndi timene timapereka malo ambiri ogwirirapo ntchito: galamu imodzi ya zeolite yotchedwa ZSM-5 ili ndi makoma am'kati okwana pafupifupi masikweya mita 400, moti magalamu 20 okha amaposa bwalo la mpira. Vuto n'lakuti malo onsewo alibe phindu ngati mamolekyulu sangathe kuwafika msanga ndi kutulukamo msanga.

Dzina loti zeolite linaperekedwa m'chaka cha 1756 ndi Axel Fredrik Cronstedt wa ku Sweden, amene anaona mwala wina ukutulutsa nthunzi pouwotcha, ndipo anaupatsa dzina la Chigiriki lotanthauza mwala wowira. ZSM-5 inapangidwa ndi akatswiri a kampani ya mafuta ya Mobil ku America, ndipo umwini wake unalembetsedwa m'chaka cha 1972. Timabowo take ndi ta nanomita 0.55, kukula kofanana kwambiri ndi molekyulu ya benzene, ndipo m'makoma ake muli maatomu a aluminiyamu amene amaipatsa mphamvu ya asidi. Ndi zeolite imeneyi imene fakitale ya ku Motunui ku New Zealand inayamba kugwiritsa ntchito m'chaka cha 1985 posandutsa methanol kukhala petulo. Koma molekyulu ikamayenda m'bowo lothina chotere imayenda mokwawa, ikukhuza makoma mbali zonse, ndipo ikachedwa kutuluka imapitiriza kusintha mpaka kusanduka mwaye umene umatseka njira.

Katswiri wa ku America Ernest Thiele analongosola vutoli ndi masamu m'chaka cha 1939, ndipo nambala imene imatchedwa ndi dzina lake ndiyo muyenera kuiganizira musanasakanize kalikonse. Nambalayi imakula pamene mtunda woyenda molekyulu ukutalika kapena pamene kusinthako kukuchitika mofulumira, ndipo imachepa pamene molekyulu ikuyenda momasuka. Ikakhala 3, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a katalisiti wanu ndilo likugwira ntchito, kwinako kukungokhala. Ikakhala 1, akugwira ntchito ndi magawo 76 pa 100 aliwonse, ndipo ikatsika kufika 0.3 amafika magawo 97. Popeza nambalayi imayendera limodzi ndi mtunda, mukadula mtunda wa m'timabowo tothina kuchoka pa nanomita 500 kufika 50, mwaitsitsa kuchoka pa 3 kufika 0.3. Cholinga cha mabowo apakati n'chimenechi basi. Sitikukulitsa timabowo tating'ono ayi, tikungofupikitsa ulendo wa m'kati mwake. Ndipo ngati nambala yanu ili kale pansi pa 0.3, ntchito yonse yotsatirayi ikhoza kukhala yongotaya nthawi ndi ufa.

Kuumba kapena kusema

Pali njira ziwiri zopezera mabowo osiyanasiyana kukula, ndipo zimasiyana monga mmene woumba mbiya amasiyanirana ndi wosema mtondo. Woumba amamanga chinthu mozungulira chikombole chimene pambuyo pake chimawotchedwa n'kusiya mphako. Umu ndi mmene akatswiri a Mobil anapangira MCM-41 m'chaka cha 1992 pogwiritsa ntchito mankhwala a mtundu wa sopo, ndipo ndi mmenenso gulu la Galen Stucky ndi Dongyuan Zhao pa University of California ku Santa Barbara linapangira SBA-15 m'chaka cha 1998. Zinthu ziwirizi zili ndi mabowo apakati ondandalikana mokongola, koma makoma ake ndi silika (silikoni wophatikizana ndi okosijeni, monga wa mumchenga) wosakhala kristalo, wopanda asidi wamphamvu wa zeolite, ndipo MCM-41 silimba ikakumana ndi nthunzi yotentha. Ku kampani ya Haldor Topsøe ya ku Denmark anameretsa makristalo a zeolite mozungulira timibulu ta kaboni n'kuwotcha kaboniyo, ndipo gulu la Ryong Ryoo pa yunivesite ya KAIST ku South Korea linapanga m'chaka cha 2009 timapepala ta zeolite tochindikala nanomita 2 zokha. Zonsezi n'zogometsa, koma zikombole zake n'zodula ndipo zina muyenera kudzipangira nokha.

Wosema amatenga chinthu chathunthu n'kugoba m'kati. Pa zeolite, kugobako kumachitika ndi madzi a soda wa kostiki, yemwe uja opanga sopo amamudziwa, amene amasungunula silikoni m'malo ena n'kusiya mphako. Njirayi inafotokozedwa ndi Masaru Ogura ndi anzake ku Japan cha m'chaka cha 2000, ndipo Johan Groen, Jacob Moulijn ndi Javier Pérez-Ramírez ku Delft m'dziko la Netherlands anaikhazika bwino m'zaka zotsatira. Ine ndimalangiza imeneyi kwa aliyense woyamba, chifukwa imafuna botolo lagalasi, choyezera kutentha, chotakasira, sefa ndi ng'anjo basi, ndipo kusema kwenikweniko kumatha m'theka la ola.

Kusankha ufa woyambira

Apa ndi pamene ambiri amaphonya asanayambe n'komwe. Zotsatira za soda zimadalira kuchuluka kwa silikoni poyerekeza ndi aluminiyamu m'makoma a zeolite, chifukwa aluminiyamu amateteza silikoni woyandikana naye kuti asasungunuke. Ngati pa atomu imodzi ya aluminiyamu pali maatomu a silikoni ochepera 20, chitetezo chimachuluka ndipo soda sagoba kanthu kooneka. Ngati apitirira kwambiri 50, soda amadya mosalekeza, ufa wambiri umathera m'madzi ndipo zotsala zimakhala zibowo zikuluzikulu zosathandiza. Pabwino ndi pakati pa 25 ndi 50.

Chenjerani ndi nambala yolembedwa pa botolo. Ogulitsa ambiri amalemba chiwerengero cha silika poyerekeza ndi alumina, chimene chimakhala kuwirikiza kawiri chiwerengero cha maatomu chimene tikunenachi. Mwachitsanzo, ufa wa CBV 8014 wa kampani ya Zeolyst umalembedwa 80, kutanthauza kuti maatomu a silikoni ndi 40 pa aluminiyamu mmodzi, ndipo ndi woyenera bwino ntchitoyi, pamene CBV 3024E wolembedwa 30 ali pa 15 ndipo adzakukhumudwitsani. Ufa wotere umabwera uli ndi amoniyamu m'timabowo, choncho yambani mwauwotcha mu mpweya wamba pa madigiri 550 kwa maola asanu. Mukatero patulani magalamu angapo, muwatsekere m'botolo ndi kulembapo dzina. Ufa wosasemawu ndiwo mboni yanu, ndipo chilichonse chimene mudzanene pambuyo pake chidzakhala choyerekeza ndi umenewu.

Zeolite zina sizisemedwa mofanana. Ya mtundu wa beta imagumuka msanga m'madzi a soda pokhapokha mutathiramo mankhwala oteteza makoma monga tetrapropylammonium hydroxide, ndipo zeolite Y, imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri m'mafakitale oyenga mafuta, ili ndi aluminiyamu wochuluka moti amayamba wachotsedwako ndi nthunzi kapena asidi.

Kusema ndi soda

Pa magalamu 10 a ufa, konzani mamililita 300 a madzi a soda a mphamvu ya 0.2 M, kutanthauza kusungunula magalamu 2.4 a soda m'madzi otchezedwa. Musagwiritse ntchito madzi a pampopi kapena a pa mjigo, chifukwa kashiamu ndi magineziyamu amene ali m'menemo amalowa m'zeolite n'kukhala pa malo a asidi. Soda akhale wa mu labotale wosungidwa motseka, popeza wokhala pamtunda amayamwa chinyezi ndi mpweya, ndipo kulemera kwake sikukuuzaninso mphamvu yake yeniyeni. Valani magalasi oteteza maso ndi magolovesi, chifukwa soda wotentha akagwera m'diso amawononga mofulumira kuposa mmene munthu angathamangire ku mpopi.

Tenthetsani madziwo kaye mpaka madigiri 65 ndipo choyezera chikhale m'madzi mwenimwenimo, osati m'beseni lotenthetsera. Akakhazikika pamenepo, thirani ufa wonse nthawi imodzi mukutakasa, vindikirani kuti madzi asauluke, ndipo yambani kuwerenga nthawi. Mphindi 30 zikakwana, musazengereze: viikani botololo m'madzi oundana kuti kusungunukako kuime, kenaka sefani. Amene amathira ufa m'madzi ozizira n'kumatenthetsa pang'onopang'ono sadziwa kuti kusema kunayamba nthawi yanji, ndipo mawa lake sangathe kubwereza zimene anachita. Tsukani ufawo pasefa ndi madzi otchezedwa mobwerezabwereza mpaka madzi otsika asonyeze pH ya pafupi ndi 7, ndipo muuumitse mu uvuni pa madigiri 100 usiku wonse.

Ukauma, uyezeni pasikelo. Sitepe imeneyi imaoneka yachabe koma imanena zambiri. Kawirikawiri pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ufa limakhala litasungunuka, choncho pa magalamu 10 muyembekezere 6 kapena 7. Mukapeza 9 ndi theka, soda sanagwire ntchito, ndipo mukapeza 3, mwagumula nyumba m'malo motsegula makomo. Ine ndinatayapo ufa wa sabata yathunthu chifukwa chochoka kukayankha foni n'kusiya botolo pamoto kwa ola ndi theka, ndipo sikelo ndiyo inayamba kundiuza zoona makina ena onse asananene kanthu.

Aluminiyamu wina amene wachoka m'makoma amakakamira m'mphepete mwa mabowo atsopanowo, ndipo nthawi zina amatseka makomo a timabowo tating'ono. Kutsuka pang'ono ndi asidi wa hydrochloric wa 0.1 M pa madigiri 65 kwa maola angapo kumamuchotsa. Sikuti nthawi zonse n'kofunika, koma ngati muyezo ukusonyeza kuti timabowo tating'ono tachepa kwambiri, yesani zimenezi musanaganize kuti zonse zawonongeka.

Pakali pano zeolite yanu yadzaza sodiyamu ndipo ilibe mphamvu ya asidi. Kuti mphamvuyo ibwerere, iviikeni m'madzi a ammonium nitrate a 0.1 M, amene ndi magalamu 8 pa lita imodzi, mutakase kwa maola angapo, musefe, ndipo mubwereze katatu ndi madzi atsopano nthawi iliyonse. Kuviika kamodzi m'madzi ambiri sikufanana ndi kuviika katatu, chifukwa sodiyamu wotuluka amafika polingana ndi wotsala m'kati ndipo kusinthanako kumaima. Mukaumitsa, wotchani pa madigiri 550 kwa maola asanu, mukukweza kutentha pang'onopang'ono, madigiri osapitirira asanu pa mphindi. Amoniya amauluka n'kusiya hayidrojeni pa malo a asidi. Yalani ufa mopyapyala m'mbale yowotchera kuti nthunzi isatsekeredwe m'kati, chifukwa nthunzi yotentha imazula aluminiyamu m'makoma. Kumene magetsi amazimazima, sankhani nthawi imene mukudziwa kuti ng'anjo iyaka mpaka kumapeto, ndipo akazima pakati lembani m'buku lanu kuti zinatero.

Kuikamo chitsulo

Zeolite yosemedwa ikhoza kugwira ntchito yokha ngati katalisiti wa asidi, koma pa ntchito zofuna hayidrojeni pamafunika chitsulo. Titenge nikeli, amene ndi wotchipa kuposa platinamu. Njira yosavuta ndiyo kunyowetsa ufa ndi madzi a mchere wa chitsulocho okwanira kudzaza mabowo okha, osatsala ena oyandama. Yambani mwayeza ludzu la ufa wanu: tengani galamu imodzi youma, muzidonthezera madzi dontho limodzilimodzi mukusakaniza, mpaka ufa utayamba kugwirana ndi kunyezimira. Madzi amene alowawo muwachulukitse ndi magalamu a ufa wonse. Ufa wosemedwa umamwa madzi ambiri kuposa wosasema, choncho aliwonse muuyeze paokha.

Tinene kuti mwaphatikiza zosema ziwiri ndipo muli ndi magalamu 10, ndipo mukufuna kuti nikeli akhale magawo 5 pa 100 a kulemera konse. Mufunika magalamu 0.53 a nikeli. Mchere wobiriwira wa nickel nitrate wokhala ndi mamolekyulu asanu ndi imodzi a madzi uli ndi nikeli wokwana magawo 20 okha pa 100, kotero muyeze magalamu 2.6 a mcherewo. Anthu ambiri amaiwala madzi a m'mcherewa ndipo amaika chitsulo chochepa kuposa chimene alemba. Sungunulani mcherewo m'madzi amene munawerengera aja, donthezerani pa ufa mukusakaniza mpaka mtundu wobiriwira ufanane ponseponse, ndipo muusiye wovindikira kwa maola angapo kuti madzi alowerere.

Kuumitsa ndiko kumasankha kumene chitsulo chikakhale. Mukaumitsa mwachangu pa moto waukulu, madzi amathamangira kunja atanyamula mchere, ndipo nikeli amaunjikana pamwamba pa timibulu ngati chikungu cha mchere pa dothi la m'dambo m'chilimwe. Yambani pa madigiri 60, kenaka mukweze kufika 110. Powotcha pa madigiri 450 mpaka 500 pamatuluka utsi wofiirira wa nitrogen dioxide umene ndi poizoni m'mapapo, choncho ng'anjo ikhale pamalo okoka utsi kunja. Fumbi la nikeli nalonso limayabwitsa khungu ndipo lili m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa likapumidwa. Pomaliza, nickel oxide amene amatsala mcherewo ukawotchedwa amasandutsidwa chitsulo podutsitsa hayidrojeni pa madigiri pafupifupi 500, ndipo musanatsegule hayidrojeni muyambe mwathamangitsa mpweya wonse m'paipi ndi nayitrojeni. Nikeli wongosandutsidwa kumene akhoza kuyaka yekha akakumana ndi mpweya, n'chifukwa chake n'kwabwino kuchita zimenezi m'paipi momwe mudzayesere katalisitiyo.

Phindu la mabowo apakati pano ndi lowirikiza. Timibulu ta nikeli timakhala ta nanomita zingapo, tosatheka kulowa m'bowo la nanomita 0.55, moti pa zeolite yosasema timangodzazana kunja ndi kuphatikana tikatenthedwa. Pa yosemedwa timapeza makoma ambiri okhalapo motalikirana, pafupi ndi makomo a timabowo ta asidi.

Kutsimikiza kuti njira zatsegukadi

Muyezo woyamba ndi wa XRD, woomba ufa ndi cheza cha X-ray, umene umasonyeza ngati makristalo akadalipo. Mizere ya ufa wosemedwa ikhale pamalo omwewo ndi ya mboni ija, ngakhale itafupikirako pang'ono. Ikasowa n'kutsala chitunda chotambalala, mwatsala ndi silika wamba.

Wachiwiri ndi woyeza mmene ufa umayamwira nayitrojeni pa madigiri 196 pansi pa ziro. Ufawo uyambe watenthedwa pa madigiri 300 mopanda mpweya kwa maola angapo kuti chinyezi chichoke, apo ayi manambala onse adzakhala otsika. Makinawo adzakupatsani nambala ya BET, yosonyeza kukula kwa malo a makoma onse pa galamu imodzi, dzina lake lochokera ku mayina a Brunauer, Emmett ndi Teller amene anafalitsa njirayi m'chaka cha 1938, koma musatengeke nayo, chifukwa imaphatikiza mabowo onse pamodzi ndipo ikhoza kusintha pang'ono chabe pamene m'kati mwasintha kwambiri. Funsani kuwerengera kwa t-plot, kumene kumalekanitsa timabowo tating'ono ndi enawo. Kusema kukayenda bwino, malo a m'mabowo apakati amakwera kuchoka pa masikweya mita 40 kapena 50 pa galamu kufika cha m'ma 200, mabowo ambiri amakhala a nanomita pafupifupi 10, ndipo mphako ya timabowo tating'ono imatsika pang'ono, mwina kuchoka pa mamililita 0.17 kufika 0.13 pa galamu. Kutsika kumeneku ndiwo mtengo umene mwalipira, ndipo kukapitirira theka mwalipira mopyola.

Pali msampha umodzi umene wagwira anthu ambiri, ngakhale olemba m'magazini a sayansi. Makina aja amajambula mizere iwiri, wa nayitrojeni wolowa mu ufa ndi wa wotulukamo, ndipo mukawerengera kukula kwa mabowo ndi masamu otchedwa BJH pogwiritsa ntchito mzere wa nayitrojeni wotuluka, kawirikawiri pamaoneka nsonga yakuthwa pa nanomita 3.8 kapena 4. Nsonga imeneyi nthawi zambiri si mabowo enieni. Imabwera chifukwa nayitrojeni wamadzi amene watsekeredwa m'mphako amaphwa mwadzidzidzi mphamvu ya mpweya ikatsika kufika cha pa magawo 45 pa 100 a mphamvu imene imasandutsa nayitrojeni kukhala wamadzi, mosatengera kukula kwa mphakoyo. Werengerani kuchokera ku mzere wolowa, ndipo ngati nsongayo palibe kumeneko, musailembe ngati chotsatira. Komanso kutsika kwadzidzidzi kumeneku kukakhala kwakukulu, kukukuuzani kuti mphako zambiri zili ndi makomo othina.

Mfundo imeneyi ndiyo yofunika kuposa zonse. Bowo lapakati limene latsekeredwa pakati pa kristalo, lofikika kudzera m'timabowo tating'ono tokha, lili ngati chipinda chachikulu chopanda khomo lakunja: nayitrojeni amalifika ndi kuliwerengera, koma molekyulu yaikulu silingaithandize. Gulu la Krijn de Jong ku Utrecht linaonetsa zimenezi ndi zithunzi za maikulosikopu ya ma elekitironi zojambula mbali zonse, pamene linapeza kuti mabowo ambiri a zeolite Y yophikidwa ndi nthunzi ndi mphako zotsekeka zoterezi. Muyezo wokankhira mekyule (chitsulo chamadzi chija chopezeka m'zoyezera kutentha zakale) m'mabowo umathandiza pano, chifukwa mekyule salowa m'timabowo tating'ono ndipo amangofika kumene kuli njira yochokera kunja. Nambala ya mekyule ikayandikana ndi ya nayitrojeni pa mabowo apakati, njira zanu n'zotseguka.

Kumene kulibe makina oterewa, katalisiti mwini wake akhoza kukuuzani. Yesani ufa wosemedwa ndi mboni ija pa mamolekyulu awiri, kutentha ndi kulemera kwa ufa zikhale zofanana. Yoyamba ikhale yaing'ono yolowa paliponse, monga hexane, imene imakuuzani ngati asidi wa m'kati akadalipo. Yachiwiri ikhale yaikulu yosatheka kulowa m'timabowo ta ZSM-5, monga triisopropylbenzene, imene imasweka pa makoma ofikika kuchokera kunja okha. Ngati yaikuluyo ikusweka kwambiri pa ufa wosemedwa pamene yaing'onoyo sinatsike kwenikweni, mwapeza chimene mumafuna. Onetsetsani kuti kusinthako kusafike pa 100 pa 100, chifukwa pamenepo katalisiti wabwino ndi wofooka amaoneka ofanana. Chepetsani ufa kapena wonjezerani liwiro mpaka kusinthako kukhale pansi pa magawo 20, ndipo muyeze kwa maola ambiri, popeza kusiyana kwakukulu kumaonekera pa kutalika kwa moyo wa katalisiti mwaye ukayamba kuunjikana.

Mabowo aakulu, gulu lachitatu lija, amabwera pomaliza. Ufa sungathiridwe m'thanki ya fakitale mmene ulili chifukwa ungatseke njira ya mpweya, choncho umakandidwa ndi chomatira monga alumina kapena dongo la kaolin, n'kufinyidwa kukhala timibulu totalika ta mamilimita ochepa. Mipata yotsala pakati pa makristalo ndiyo imakhala mabowo aakulu, ndipo ena amasakanizamo sitachi kapena ufa wa selulosi umene umapsa powotcha n'kusiya ngalande zina. Chomatira chikachuluka chimamata makomo amene mwavutika kutsegula, ndipo chikachepa timibulu timanyenyeka, motero ambiri amayambira pa magawo 20 mpaka 30 pa 100 n'kumasintha malinga ndi kulimba kwake. Mu labotale n'kokwanira kupanikiza ufa kukhala kambale, kukaphwanya ndi kusefa timibulu ta pakati pa mamilimita 0.2 ndi 0.4. Yesaninso timibulu tocheperapo, ndipo liwiro la kusintha likakwera, dziwani kuti chikuchedwetsa mamolekyulu ndi mipata ya pakati pa makristalo osati m'kati mwa kristalo.

Katalisiti akafooka ndi mwaye, muwotcheni mu mpweya pa madigiri 550, mukuyamba ndi mpweya wochepa wosakaniza ndi nayitrojeni kuti moto wa mwayewo usatenthe mopyola. Mukatero bwerezani muyezo wa nayitrojeni ndi wa mamolekyulu awiri aja, ndipo muchite zimenezi maulendo atatu kapena anayi pa ufa wosemedwa ndi pa mboni yomwe. Makoma osemedwa ndi opyapyala kuposa oyamba aja, ndipo malo a m'mabowo apakati akamatsika ulendo uliwonse, bwererani ku botolo la soda mukachepetse mphamvu yake kufika 0.1 M kapena nthawi kufika mphindi 15, muyezenso kulemera kwa ufa wotsala pasefa.